Kumanzere kwa mathithi

Pa zithunzi zonse zimene ndinaikapo pa Facebook, chimene anthu anachikonda kwambiri ndi cha mathithi a Williams Falls, pamwamba pa phiri la Zomba, pomwe mtsinje wa Mulunguzi umatsetsereka pa miyala yosanjikizana usanakafike ku damu. Madzi oyera mbee, miyala yakuda yonyowa, masamba obiriwira mbali zonse. Mnzanga wina amene wakhala ku Johannesburg zaka zambiri analemba m'munsi mwake kuti, "Kani kwathu kudakali chonchi? Mtima wanga wakhala pansi." Ine ndinangodina kamtima n'kudutsa. Koma ndemanga imeneyi yakhala ikundisowetsa mtendere mpaka lero.

Ndikuuzeni kaye mmene ndinachijambulira. Ndinasankha tsiku la mitambo, chifukwa dzuwa likaswa mtengo madzi amangoti phuliphuli pa chithunzi, pansi pa mitengo n'kuda bii. Foni ndinaitsamiritsa pa mwala kuti isagwedezeke, n'kuitchera kuti diso lake likhale chotsegula pafupifupi sekondi yathunthu m'malo mophethira msanga. Mu sekondi imeneyo dontho lililonse limakhala litayenda, ndiye pa chithunzi madzi amaoneka ngati nsalu yoyera imene wina wayanika pa miyala. Palibe munthu anawaonapo madzi ali choncho ndi maso ake. Komabe zimenezi sizindivuta. Aliyense amadziwa kuti ndi kaluso chabe.

Chimene chimandivuta n'choti ndinasuntha foni. Nditangoiimika koyamba, cha kumanzere, kupyola mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, kunkaoneka chitunda cha zitsa zokhazokha, zina zakuda ndi moto. Ndinapotoza foni pang'ono kumanja, chitunda chija n'kutuluka m'chithunzi. Sindinaganize n'komwe. Dzanja linangochita lokha, ngati mmene timakankhira mbale zakuda kuseri alendo akagogoda.

Ndiye funso langa ndi ili: kodi ndinanama?

Poyamba ndinadziteteza. Chithunzi chilichonse chimadula zinazake, apo ayi sichikanakhala ndi malire. Chithunzi cha ukwati sichionetsa ngongole ya holo, ndipo palibe amamunena wojambula kuti ndi wabodza. Mathithi aja alipo ndithu, sindinawapange pa kompyuta. Komanso munthu ali ndi ufulu wopuma ku nkhani zoipa. Si chilichonse chiyenera kukhala lipoti la bungwe, eti?

Koma ndikamaganizira bwino, zimene ndinadulazo si zinthu zongokhala pambali pa mathithi. Ndi zimene zimawapatsa moyo. Mvula ikagwa m'nkhalango, masamba ndi zinyalala zapansi zimaichedwetsa, madzi n'kulowa m'nthaka, kenako amatuluka pang'onopang'ono mu akasupe. N'chifukwa chake mtsinje wa m'nkhalango umayendabe mu Okutobala, dzuwa lili phwee. Pa chitunda chopanda mitengo, madzi amathamanga tsiku lomwelo atanyamula dothi, ndipo chilimwe chikafika mtsinje umatsala kamkodzo. Mulunguzi yemweyu ndi amene amadzaza damu limene mzinda wa Zomba umamwako. Inde, paini wa paphiripo anabzalidwa dala kuti adzadulidwe, kudula pakokha si mlandu. Koma pamene padulidwa, moto n'kudutsapo chaka ndi chaka, mbande sizikula. Ndinajambula mwana wonenepa n'kubisa kuti amayi ake akudwala.

Mwina munena kuti, basi ukanajambula zoipazo. Ndinayesa, tsiku lomwelo. Pobwerera ndinakumana ndi mayi wina atasenza mtolo wa nkhuni wautali kuposa msinkhu wake, akutsika mwachangu moti khosi linkachita kunjenjemera. Mumtima ndinati, chithunzi chenicheni ndi ichi.

"Mayi, pepani, ndingakujambuleni?"

Sanaime n'komwe. "Mukandionetse kuti, achimwene? Jambulani madzi anuwo."

Ndinachita manyazi, ndipo manyazi ake ndinawamvetsa nditafika kunyumba, nditaona thumba la makala lili pakhonde panga. Ndikanawajambula mayi aja, ndikudziwa ndemanga zikanabwera: anthu osazindikira, akutha chilengedwe, boma liwamange. Tonse tikanalemba zimenezo nsima ili pa mbaula. M'dziko muno nyumba zoposa 9 pa 10 zilizonse zimaphikira nkhuni kapena makala, ndipo yanga ili m'gulu lomwelo, makamaka magetsi akazima. Chithunzi cha mayi aja chikanadulanso china chake, ndipo chodulidwacho ndikanakhala ine, wogula. Choyamba chija chinabisa bala. Chachiwirichi chikanaonetsa bala n'kuloza chala munthu mmodzi amene alibe foni yoti adziyankhire.

Ndiye pano ndafika poganiza kuti chithunzi pachokha sichinama, monganso zenera silinama poonetsa mbali imodzi ya bwalo. Bodza langa linabwera pambuyo. Mnzanga uja anaona chithunzi n'kukhulupirira kuti phiri lonse lili choncho. Ine ndinkadziwa kuti si zoona, ndinkadziwanso kuti chithunzi changa ndi chimene chamufikitsa pamenepo, koma ndinadina kamtima. Ndinkafuna asangalale, inde. Koma ndinkafunanso kuti chithunzi changa chisadetsedwe ndi mawu ofotokozera. Zifukwa ziwirizi zinasakanikirana moti sindingathe kunena kuti chachikulu chinali chiti.

Ndili ndi chithunzi china, cha chitunda cha zitsa chija, chimene ndinajambula potsika. N'chosakongola, kuwala kwake n'kofooka, palibe angachikonde. Kawiri konse ndachitsegula pa WhatsApp kuti ndimutumizire, n'kubwerera. Munthu akugwira ntchito usiku kudziko la eni, ndimulande kachithunzi kamodzi kamene kamamukhazika mtima pansi?

Sabata yatha wandiuza kuti akubwera pa Khirisimasi, ndipo akufuna ndikamuonetse malo aja. Ndavomera. Njira yopita ku mathithiwo imadutsa pa zitsa zomwe zija.