Za Kusonkhanitsa Mbumba

Mbumba zathu zabalalika. Wina ali ku Joni, wina ku Harare, wina ku Kitwe, ndipo tikomana pa maliro pokha, pamene iye amene akadakondwa kutiona tonse wagona m'bokosi. Cifukwa cace ambiri a inu mulikupangana tsiku lakusonkhana makolo akali ndi moyo. Mwacita bwino, koma tiyambe taona makonzedwe a Yosefe, monga tiwerenga pa Genesis 45 ndi 46.

Zinapita zaka 22 Yakobo wosaona mwana wace. Tsono Yosefe sanatumize mau okha ai. Anadziwa kuti atate wace ndiye nkhalamba ya zaka 130, ndi kuti m'Kanani muli njala. Cotero anatumiza magareta akunyamula ana ndi akazi, ndi aburu osenza tirigu ndi kamba wa panjira. Koma ife tingolemba kalata kuti, Tifika pa Krisimasi, konzekani. Osakumbukira kuti December ndiwo mwezi wakupalira, nkhokwe zirinkutha. Tifika ndi ana asanu, tidya masabata awiri, ndipo pobwerera tisiyira mlongo wathu njala ya February. Ngati chuthi canu cigwa nyengo yomweyo, tumizani ndalama za cimanga pa masika, mtengo ukali wotsika.

Komatu cimene citiopsa koposa si ufa. Polawirana nao abale ace, Yosefe anawacenjeza kuti asakangane panjira; tiyesa anadziwa kuti adzayamba kulozana cala za dzenje lija anamponyamo. Mbumba iri yonse iri nalo dzenje lace: malire a munda, ng'ombe ya malemu, mkamwini amene anapitikitsidwa usiku. Mlandu wotere usalindire tsiku la phwando, thobwa liri m'manja, ana alikumva. Mwini mbumba athange waonana nao okanganawo paokha, pamodzi ndi mkulu wa Mpingo ngati kufunika. Taonani amene Yakobo anamtsogoza kukakonza njira ya ku Goseni: ndiye Yuda, yemwe uja anapangira abale ace kuti Yosefe agulitsidwe.

Catsala ca maina. A nyumba ya Yakobo anawerengedwa 70, ndipo ana a Biliha ndi Zilipa, adzakazi aja, analembedwa pamodzi ndi a Leya ndi Rakele. Musanatumize makalata, werenganinso maina anu, muone ngati mwana wa mai wina alimo. Ndipo amene asowa ndalama ya ulendo, mumtumizire mwakacetecete, anzace osadziwa.