Kathyali wa m'sewero sachimwa yekha

Madzulo malaiti akakhalapo, mabanja ambiri ku Libala amasonkhana pa TV, ndipo amene amautsa mkangano pabalaza ndi kathyali wa m'sewero: uja womvetsera kuseri kwa chitseko, wotola mawu kuchipinda ichi n'kukawatula kuchipinda icho atawapotoza. Mpali, sewero limene linayamba pa Zambezi Magic mu 2018, limaonetsa banja la mitala la a Nguzu, mmene akazi amatcherana misampha polimbirana mwamuna ndi chuma cha pafamu. M'mafilimu a ku Nigeria, Patience Ozokwor anatchuka posewera ngati mpongozi wankhanza. Olemba amamufuna munthu wotere chifukwa banja lamtendere silingakoke oonera mlungu ndi mlungu. Koma nkhanizi zimayankhanso mwakachetechete funso lakale la chikhulupiriro, lakuti choipa chimachokera kuti.

Sewero limanama likasenzetsa munthu mmodzi zoipa zonse n'kusiya ena onse ali oyera, pakuti bodza silipasula banja lisanapeze khutu lolilandira. Makolo athu ankadziwa zimenezi. Kalulu atakoketsa chingwe Njovu ndi Mvuu, aliyense n'kumayesa kuti akukokana ndi kanyama kochepa, chimene chinawapusitsa chinali kunyada kwawo, ndipo Fisi amagwa m'mbuna chifukwa cha dyera lake. Baibulo nalonso silimasula munthu chifukwa choti ananyengedwa. M'munda wa Edeni Adamu analoza mkazi, mkazi analoza njoka, koma chiweruzo chinagwera onse atatu. Pa nkhani ya munda wa mpesa wa Naboti, Yezebeli ndiye analemba makalata achiwembu, koma akulu a mzinda ndiwo anawamvera, amuna awiri anapereka umboni wabodza, ndipo anthu anatola miyala. Ahabu anangogona pakama atatembenuza nkhope, osafuna kudya, mpaka mkazi wake Yezebeli anamuchitira zimene mtima wake unkalakalaka. Eliya atatumidwa ndi Mulungu, anakadzudzula Ahabu yemweyo m'mundamo.

Ena anganene kuti sewero ndi lopumulitsa mutu chabe, kuti munthu amene watha tsiku pa sitolo ku Kamwala safunanso ulaliki. Zoonadi, ndipo kuseka kathyali akagwidwa si tchimo. Komabe chimene timaonera usiku uliwonse chimatizoloweza njira yofotokozera mavuto. Malonda akagwa pa msika wa Kabwata, mwini wake amathamangira kufunsa kuti wamuchita ndani asanawerenge ngongole zimene anakongoza. Ukwati ukagwedezeka, oganiziridwa ndi omwe aja a m'sewero: apongozi, mlamu, mayi wopeza, agogo a kumudzi. Chala sichiloza mwini, ndipo amene chimawaloza kawirikawiri ndi akazi ndi okalamba. Lamulo la za ufiti la 1914, limene likugwirabe ntchito m'Zambia, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, umboni wakuti kusaka mdani pa tsoka lililonse kunayamba kalekale kuvulaza osalakwa.

Enanso anganene kuti akathyali alikodi, ndipo sewero limatichenjeza za iwo. Apa mpovuta kutsutsa. Achibale olanda katundu wa akazi amasiye analipo ochuluka moti mu 1989 dziko linakhazikitsa lamulo logawira chuma cha munthu womwalira wosasiya wilo. Koma taonani mmene kulandako kumachitikira. Wokonza chiwembu amakhala mmodzi, pamene onyamula firiji ndi mipando kukweza m'galimoto amakhala angapo, ndipo ambiri amakhala chete panyumba ya maliro n'kumati ndi za pabanja. Sewero loonetsa wolanda yekhayo limachenjeza za munthu amene sitingamusinthe, n'kubisa anthu amene angasinthe, omwe ndi ife oonerafe.

Choncho kathyali asachotsedwe m'nkhani, koma alembedwe moona. Olemba athu atisonyeze mwamuna amene anakhulupirira miseche chifukwa ankafuna kale chonamizira, mnansi amene anaona n'kutseka zenera, ndi mkulu wa mpingo amene anaopa kukhumudwitsa wopereka chakhumi chachikulu. Nanunso oonera, mukamakuwiza wachiwembu pa TV, funsani kuti anamutsegulira chitseko ndani, ndipo funso lomwelo mukalifunse m'nyumba mwanu.