"Sindinapeze Vuto" Si "Palibe Vuto"

Pali vuto lina la galimoto lomwe limamusandutsa mwini wake wabodza. M'mawa galimoto imalira ukangokhudza kiyi. Koma uyende nayo, injini itenthe, uyime pa Kampepuza kugula tomato, ubwerere kuti uilize: yakana. Udikire theka la ola, mwina ola lathunthu, kenako yalira ngati palibe chachitika. Mawa lake ukapita nayo kugalaja, makaniko amailiza kamodzi, kawiri, katatu, uku akukuyang'ana. "Bwana, galimotoyi ili bwinobwino."

Makanikoyo sananame. Mwini galimoto nayenso sananame. Ndiye funso lomwe lakhala likundizunguza ndi ili: munthu akamadandaula za chinthu chomwe sangathe kukuonetsa, udindo wako pa iye ndi wotani?

Tiyambe ndi zitsulozo, chifukwa zilibe ufiti. Ukazimitsa injini, madzi oziziritsa amasiya kuzungulira, choncho kwa mphindi zingapo kutentha pansi pa boneti kumakwera m'malo motsika. Pagalimoto zakale za kabuleta, petulo amatha kuwira m'mapaipi n'kusanduka nthunzi, pampu n'kumakoka mpweya. Waya wakopa akatentha salola magetsi kudutsa mosavuta, ndiye sitata yotopa imazungulira mwaulesi kapena kungoti "tiki". Koyilo yokalamba imasiya kupereka moto kumapulagi. Pagalimoto zatsopanoko, monga ma Corolla ndi ma Sienta ochokera ku Japan, kasensa komwe kamauza kompyuta kuti injini ikuzungulira kamatha kusiya kugwira ntchito kakatentha, n'kudzayambiranso kakazizira.

Zonsezi zili ndi khalidwe limodzi: umboni umatha pamodzi ndi kutentha. Choncho poyezera mpomwe yakanirapo, nthawi yomweyo. Kodi injini ikuzungulira? Ngati ayi, ona batire, mateminolo ndi sitata. Ngati ikuzungulira, kodi papulagi pali moto? Ngati moto ulipo, kodi petulo akufika? Mafunso atatu okha, koma ofunika kufunsidwa injini ikadali yamoto.

Amalume anga ali ndi kapikapu kakale komwe amanyamulira mbatatesi kuchokera ku Tsangano. Kanawazunza ndi vuto limeneli miyezi ingapo. Makaniko woyamba anati palibe vuto. Wachiwiri anawakhulupirira ndi mtima wonse. Amalume atanena kuti akuganiza kuti ndi batire, anawagulitsa batire. Kenako mapulagi. Kenako pampu. Ndalama ya feteleza inathera pamenepo. Wachitatu, bambo wachikulire wapa Ntcheu boma, anangoti, "Achimwene, tiyeni tikwere." Anayenda nawo pa M1 kukwera chitunda cha ku Lizulu masana a Okutobala, nawauza kuti azimitse. Itakana, anatsika n'kuyeza moto papulagi: kunalibe. Inali koyilo.

Amakaniko atatuwa ndimawaona paliponse, ngakhale komwe kulibe galimoto.

Woyamba amasokoneza mawu awiri: "sindinapeze vuto" ndi "palibe vuto". Mawu oyambawo amanena za iye ndi nthawi yomwe anayang'ana. Achiwiriwo ndi chigamulo pa mnzake. Ganizirani mayi yemwe amauza ankhoswe kuti mwamuna wake amamumenya. Ankhoswe afika Lamlungu masana, apeza bambo waulemu akuwalandira ndi mpando ndi thobwa, abwerera akuti mayiyo amakokomeza. Ayeza injini yozizira. Ganiziraninso mnzanu wa ku yunivesite yemwe amati usiku maganizo amamupanikiza, inu n'kumuyankha kuti, "Aise, iwe yemwe umaseka chonchi?" Masana si umboni wa zausiku.

Komabe wina anena kuti: tikamakhulupirira aliyense wopanda umboni, sitipweteketsa osalakwa? N'zoona, ndipo apa mpomwe makaniko wachiwiri amagwera. Iye sasiyanitsa zomwe munthu wakumana nazo ndi zomwe munthuyo akuganiza kuti zachititsa. Amalume ankadziwadi kuti galimoto imakana ikatentha. Za batire ankangoganiza. Kumudzi kwathu mwana akamadwaladwala kuchipatala osapeza kanthu, kudwalako n'koona. Koma wina akati wamulodza ndi agogo akutiakuti, ife n'kuvomera, ndiye kuti tachotsa chitsulo chabwinobwino, ndipo chitsulo chimenechi ndi munthu. Kuvomera chilichonse kumaoneka ngati chifundo, koma nthawi zambiri ndi ulesi womwewo wa woyamba uja, kungoti wavala suti.

Ine ndikuona kuti udindo wathu suli pa kuvomera kapena kukana. Uli pa nthawi. Wodandaulayo amafunika munthu woti akwere naye mpaka pomwe vuto limatulukira, n'kuyang'ana ndi maso ake. Zimenezi n'zodula. Makaniko wachitatu anataya masana onse pa ntchito yomwe wina akanaimaliza m'mphindi khumi pogulitsa sipeya. Nkhoswe yoona imafunsa ana ndi oyandikana nawo nyumba, imabweranso tsiku lomwe sikuyembekezeka. Mnzako weniweni amayankha foni 2 koloko usiku, osati kungotumiza kamtima pa WhatsApp m'mawa.

Ndipo ngati nthawiyo ulibe? Si tonse tingakwere kupita ku Lizulu ndi aliyense. Pamenepo chilungamo chochepetsetsa n'kunena zomwe ukudziwa basi: "Panopa sindikuona kanthu. Zikayambanso mundiitane." Mawu amenewa samuchotsera munthu ulemu, ndipo amasiya chitseko chotsekula.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Timaugwiritsa ntchito mwambiwu pouza wovutika kuti adzithandize yekha. Koma ulinso ndi mbali ina yomwe timaiwala: munthu sadzuka pakati pa usiku kukatsekula chitseko popanda chifukwa. Ukamva chitseko chalira, usayambe n'kumuuza kuti madzulo anadya bwinobwino. Dzuka, umuunikire.