Fisi ndi Makadi Ake Awiri

Padangokhala Fisi ndi Kamba. Onse awiri anali ndi mafoni, ndipo madzulo ankakhala pansi pa mtengo wa mango n'kumasewera poker ya pa intaneti, ija ya Texas Hold'em. Makadi ake ndi 52. Aliyense amalandira awiri obisa, kenako asanu amavundukulidwa pakati: atatu, limodzi, limodzi.

Kamba akaona makadi ake, ankawataya. Akalandira ena, kuwatayanso.

"Achimwene, kodi mwabwera kudzaonerera?" adaseka Fisi. "Mwamuna sathawa asanamenyane!"

"Awa si a nkhondo, ndidikira ena," adatero Kamba.

Tsiku limenelo Fisi anali atagulitsa mbuzi. Foni idamupatsa 7 ndi 2, a mitundu yosiyana. Osewera onse amadziwa kuti palibe makadi oyambira onyozeka kuposa amenewa. Fisi adanyambita milomo, naponya ndalama.

Atatu aja adavundukuka: K, 9, 7.

"Seveni wanga uyo! Wandipeza!"

Munthu wina wosaoneka, kaya ali dziko liti, adakweza ndalama. Fisi adatsatira, mwendo wa mbuzi udapita. Khadi lachinayi lidabwera 4. Wosaoneka uja adakwezanso.

"Tayani, achimwene," adanong'ona Kamba. "Munthuyu sakunjenjemera."

"Nditaye bwanji? Mwendo wa mbuzi yanga uli momwemo!"

"Mwendowo si wanunso. Yanu ndi miyendo itatu yatsalayo."

Fisi adadinikiza batani ndi mphamvu. Mwendo wachiwiri, wachitatu. Mchira wake unkagwedezeka, dovu likuchucha pagalasi la foni. Khadi lomaliza lidabwera J. Wosaoneka adaika zonse. Fisi adaika mutu, chikopa ndi chingwe chomwe.

Inu amene mudagwirapo foni usiku mtima ukugunda, mukudziwa kuti kamphindi kameneka kamatalika bwanji.

Makadi adatseguka. Wosaoneka uja anali ndi ma K awiri m'manja, lachitatu lili pakati kuyambira pachiyambi pomwe. Ndalama zidatsetsereka kupita mbali ina ya galasi, psiti!

Kamba adasewera kawiri kokha usiku umenewo. Kamodzi adapata pang'ono, kamodzi adaluza pang'ono, kenako adazima foni n'kukagula ufa.

M'mawa mkazi wa Fisi adafunsa za mbuzi, ana akudikira fizi. Fisi adatulukira khomo lakuseri, nathamangira kwa Kamba akukankha njinga.

"Achimwene, gwirani njingayi chikole, mundibwereke kangachepe. Ndalota 7 ndi 2. Lero satha kundikana kawiri."