Kodi Chimwemwe N'chobisa?



Pa msonkhano wathu wa Lachinayi, amayi apampando akafunsa ngati alipo ali ndi chopempherera, manja amakwera ambirimbiri. Wina bambo akunyumba ali m'chipatala, wina mwana wabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, wina feteleza wamukanika. Timapemphera, ndipo n'koyenera kutero. Koma tsiku lina amayi apampando anasintha funso. Anati, "Tisanayambe za mavuto, aliyense anene kanthu kamodzi kakang'ono kamene kamusangalatsa sabata ino." M'tchalitchi munangoti zii. Amayi opitirira 30, omwe aja amene pamjigo salola mnzawo kumaliza mawu, aliyense maso pansi, kukonzakonza duku.

Ine ndinali mmodzi mwa oyang'ana pansiwo, chikhalirecho chonena ndinali nacho. Sabata imeneyo mdzukulu wanga anawerenga yekha mawu a pa paketi ya shuga, chilembo ndi chilembo, kachala kali pomwepo, ndipo ndinaseka mpaka misozi. Koma pafupi nane panakhala mayi amene mwana wake anasiyira sukulu panjira, ndiye ndinameza mawu anga. Pobwerera kunyumba ndinadzifunsa ngati ndinachita zimenezi mwachifundo kapena mwamantha. Funso limeneli ndi limene ndabwera nalo kwa inu: kodi n'koyenera kuti Mkhristu azinena tizinthu tomusangalatsa pakati pa anthu amene akuvutika?

Tisafulumire kudzudzula amayi aja, pakuti kukhala chete kwawo kuli ndi zifukwa zake. Tinakula tikuphunzitsidwa kuti chabwino sachilengeza. Mayi akaima sanena, anthu amangoona okha miyezi ikamapita. Mbuzi ikaswa ana awiri, mwini wake ukamufunsa amangoti, "Ilipo." Mwana wa ku Joni akatumiza kangachepe timatseka pakamwa, chifukwa tikudziwa kuti ukanena m'mawa, madzulo wina wafika kudzakongola, ndipo ukamukaniza wasanduka mdani. Ndipo popeza tili tokhatokha tinene zoona: ena a ife timavala yunifolomu Lachinayi, Lamulungu timalandira Mgonero, koma mumtima tikuopabe kuti wakaduka akamva zabwino zathu atichita chipongwe usiku. Kudandaula kulibe ngozi. Palibe amene amachitira nsanje munthu wodwala msana.

Chifukwa china n'chabwinopo kuposa izi, ndicho kuopa kulasa mnzako pabala. Apa Malembo ali kumbali ya okhala chete. Pa 1 Samueli 1 timawerenga za akazi awiri a Elikana. Penina anali ndi ana, Hana analibe, ndipo chaka ndi chaka popita kukapembedza ku Silo, Penina ankamuputa mnzakeyo mpaka Hana ankalira osadya. Ana a Penina anali mdalitso weniweni wochokera kwa Mulungu, koma iye anawasandutsa chikwapu. Mawu a mtundu umenewu ife amayi timawadziwa. "Wanga uja wasankhidwa kusekondale, kaya wanu zinayenda bwanji?" Wonenayo akudziwa bwinobwino mmene zinayendera. Kumeneko si kugawana chimwemwe ayi, ndi kuyeza msinkhu. Ngati kunena zabwino zathu kuli kotere, ndiye kuli bwino tizingokhala chete.

Koma Ambuye wathu anatipatsa chithunzi cha mayi wina wosiyana ndi Penina. Pa Luka 15:8-10 pali mayi amene anali ndi ndalama 10 zasiliva, imodzi n'kutayika. Ndalama imeneyo, yotchedwa drakima, inali ngati malipiro a ganyu ya tsiku limodzi. Anayatsa nyale, anasesa m'nyumba monse, ndipo ataipeza anaitana anzake ndi anansi kuti akondwere naye. Taonani kuti mayiyu sanalemere. Anali ndi 10, wabwerera pa 10 pomwepo. Ndimaganiza kuti akanakhala wa kwathu kuno akanawaphikira tiyi anzakewo, ndalama ija n'kuthera pa shuga ndi mandasi! Komabe Yesu sanamuseke. Anatenga kukondwa kwa mayi wosesa m'nyumba n'kunena kuti chimwemwe cha kumwamba pa wochimwa mmodzi wolapa chimafanana nako. Nthanoyi anaiika pakati pa ya mbusa wotaya nkhosa ndi ya bambo wa mwana wolowerera, ndipo mu zonse zitatu wopezayo sakondwa yekha, amaitana anthu. Zikuoneka ngati kupeza kokha sikunakwanire mpaka wina atamva.

Zimenezi ndinazimvetsa bwino mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atasakaza m'chigawo cha kumwera. Tinasonkha ufa, zovala ndi zidebe n'kupita pasukulu ina pamene anthu anathawira. Tinalowa mwaulemu ngati tikulowa pasiwa, mawu otsitsa, nkhope zachisoni. M'kalasi ina tinapeza agogo ena amene nyumba yawo inapita ndi matope. Tisanamalize n'komwe kupepesa, anapisa dzanja kuseri kwa mphasa n'kutulutsa sefuliya yopindika mbali imodzi. "Taonani ana anga, ndaifukula dzulo. Ndi chivindikiro chake chomwe!" Anati anaigula chaka chimene anakwatiwa. Amayi ena a m'chipindamo, ena mwa iwo otaya zambiri kuposa agogowo, anayamba kupatsirana sefuliya ija, wina kuigogoda ngati ng'oma, onse kuseka. Panalibe wochita nsanje. Amene tinasowa pogwira ndife obwera kudzatonthoza, chifukwa tinakonzekera misozi yokha.

Kuyambira pamenepo ndimakayikira chifundo changa chija chomeza mawu. Ndikabisa kuseka kwanga pamaso pa mayi wovutika, mwina ndamuweruza kale kuti iye watsala wolira basi, kuti sangathenso kukondwera ndi kanthu kalikonse. Ndamuchotsa m'gulu la anthu amene amauzidwa nkhani zabwino. Amasiye ambiri amadziwa zimenezi: anthu akamaseka, iwo akangotulukira, kuseka kumatha. Amatero pofuna kulemekeza, koma wamasiyeyo amamva ngati wafika ndi mdima.

N'chifukwa chiyani ndikulimbikira za tizinthu tating'ono? Zinthu zazikulu, monga galimoto, nyumba yamalata kapena mwana wopita kunja, zimafika kwa ochepa, ndipo womva amayamba kudziyerekeza ngakhale asakufuna. Zimenezinso zili ndi nthawi yake yozinena, ndipo pamafunika nzeru posankha malo ndi mawu. Koma fungo la dothi tsiku la mvula yoyamba silisankha khomo. Ngumbi zikatuluka, ana a olemera ndi a osauka amathamanga limodzi ndi mabeseni. Mpiru wamera kudimba, nsima yapsa yopanda mibulu pamaso pa apongozi, magetsi ayaka nthawi yophika, mwana wagona usiku wonse osakhosomola, bambo akunyumba anena zikomo atatha kudya, mwina koyamba chaka chino. Ukanena zotere mnzako amayankha kuti, "Inenso," n'kuyamba yake. Ndisanatsegule pakamwa ndimayesa kudzifunsa chimene ndikufuna kumva kwa mnzangayo. Ngati ndikufuna aseke nane, ndinene. Ngati ndikufuna angoti, "Koma ndiye muli ndi mwayi," n'kuwerama, pamenepo Penina wadzuka mwa ine.

Tsono pali mbali ina imene sitiikamba kawirikawiri, ndiyo ya womva. Pa Aroma 12:15 Paulo akutipatsa ntchito ziwiri, ya kwa okondwa ndi ya kwa olira, ndipo ya kwa okondwa ndiyo anaitchula poyamba. Yachiwiriyo ife amayi a ku Malawi palibe angatiphunzitse. Belu la maliro likalira timadziwa wobweretsa nkhuni, wotunga madzi, wogona pasiwa, woyambitsa nyimbo usiku. Timati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Koma mwambi umenewu timaunena pa tsoka pokha. Yoyamba ija ndiyo yovuta, ndipo ndivomereze za ine mwini. Mnzanga wina atandiuza kuti mwana wake wapeza ntchito, pamene wanga anali pakhomo ndi satifiketi m'sutikesi, pakamwa ndinati, "Ambuye alemekezeke," koma mumtima munali kamwala. Polira ndi mnzako umakhala pamwamba pang'ono, iwe ndiwe wothandiza. Pokondwa naye umavomera kuti lero Mulungu wagogoda pakhomo la eni, pako wadutsa.

Choncho amayi akakhala chete pamsonkhano, mlandu si wa iwo okha. Ngati mayi wanena kuti nkhuku yake yaswa anapiye 12, ife mawa n'kukapempha awiri, kapena potuluka m'tchalitchi n'kumanong'onezana kuti akudzimva, ndife tamuphunzitsa kubisa. Bungwe limene limasunga chinsinsi cha mavuto a mamembala ake liyeneranso kusunga bwino zosangalatsa zawo, osazisandutsa miseche kapena ngongole.

Ndichenjezepo chimodzi, chifukwa mawu abwino amatha kugwiritsidwa ntchito molakwika. Chimwemwe sachikakamiza. Mayi amene akumenyedwa kunyumba asauzidwe kuti ayang'ane tizabwino ting'onoting'ono n'kupirira. Ameneyo akufunika chitetezo, ndipo ife tiyende naye kwa ankhoswe, kwa wansembe, ngakhale kupolisi. Mayi amene wakhala masabata ambiri mtima uli wolemera, sakudya, sakugona, sakufuna kuona anthu, asadzudzulidwe kuti ndi wosayamika. Tikhale naye pafupi ndi kumuperekeza kuchipatala. Ndipo amene tsikulo alibe chonena aloledwe kungoti, "Lero ndingomvera." Kumverako n'kutenga nawo mbali.

Tisaiwalenso kumene bungwe lathu linachokera. Mayi Mary Sumner anayambitsa Mothers' Union mu 1876 ku Old Alresford, m'dziko la England, mwana wawo wamkazi atabereka mwana woyamba. Anakumbukira mmene iwo eni anasowera pogwira atangokhala mayi, ndipo anaitana amayi a m'parishi, olemera ndi osauka omwe, kuti azikumana ndi kulimbikitsana pa za kulera ana. Tsiku loyamba mantha anawagwira moti amuna awo, amene anali wansembe wa parishiyo, ndiwo anayankhula m'malo mwawo. Ndikakumbukira zimenezi ndimadzikhululukira pang'ono pa kuyang'ana pansi kwanga kuja. Koma iwo anaitanitsanso msonkhano wina, ndipo ulendo umenewo anayankhula okha.

Nafenso Lachinayi lotsatira amayi apampando anabwereza funso lija. Panapita kanthawi, kenaka amayi achikulire kwambiri m'gulu lathu, amasiye a zaka zambiri, anaimirira pang'onopang'ono atagwira benchi. Anati dzulo lake analowetsa okha ulusi pasingano, opanda magalasi, opanda kuitana mdzukulu. Tinawaombera m'manja ngati apambana chisankho. Wina anati mapapaya ake oyamba apsa mbalame zisanawapeze. Wina anati minibasi inanyamuka atangokwera. Itafika nthawi yanga ndinanena za paketi ya shuga ija, koma maso anga sanayang'ane kumanzere kumene kunakhala mayi uja.

Titatuluka anandipeza pamtengo wa mango, ine mtima uli m'mwamba. Anati, "Amayi, mdzukulu wanuyo mubwere naye kwathu Loweruka. Buku la Sitandade 1 la mwana wanga lija ndinalisunga." Tinapitadi. Bukulo linalibe chikuto, masamba ena anadyedwa ndi chiswe. Amene anakhala pamkeka n'kumamulozera mdzukulu wanga zilembo anali mwana wake yemwe uja anasiya sukulu, ndipo tinachokako dzuwa litalowa.