Mnzako akafunsa za mkazi wa Kaini

Mdzukulu wanga, khala pansi apa. Mayi ako andiuza kuti wasiya kulankhulana ndi mnzako uja munkaphunzira naye ku Zomba, chifukwa akuti Mulungu kulibe ndipo Baibulo analilemba ndi anthu basi. Akuti munakangana pa WhatsApp mpaka tambala woyamba, iwe n'kumutchula mwana wa Satana. Pamenepo walakwa. Sindikunyengerera ayi.

Mafunso amenewa si atsopano. Ife tinkawamva pa bawo, foni zisanabwere. Kaini anamupeza kuti mkazi, poti Abele atafa anthu otchulidwa anatsala atatu okha? Nanga Yudasi anafa bwanji? Tsegula Mateyu 27, upeza kuti anabweza ndalama zasiliva 30 zija n'kukadzimangirira. Tsegula Machitidwe 1, upeza kuti anagula munda, anagwa chamutu, mimba n'kuphulika. Wofunsa zimenezi sakunama. Zilimodi m'bukumo. Ena amati chingwe chinaduka, mtembo n'kugwa pansi. Ena amati Mateyu ndi Luka aliyense analemba monga nkhaniyo inamufikira. Iwe mayankho awiriwa sunkawadziwa, ndiye unakalipa. Munthu akasowa chonena amakweza mawu, ndipo mnzakoyo anaziona. Ndimadziwa adamanga nyumba yopanda khomo. Ukadangoti, "Achimwene, apa sindikudziwa, ndikafunse kaye," sukadachepa.

Safunsa adadya phula. Pita kwa abusa, pita kwa akulu ampingo. Koma usanapite, werenga wekha chaputala chonse, osati vesi limodzi lomwe wina wakutumizira. Buku Lopatulika lili pa tebulo langali linatuluka mu 1922, a William Murray a ku Nkhoma ndi anzawo atalimbana nalo zaka zambirimbiri. Buku Loyera linabwera mu 1998, Akatolika ndi a mipingo ina atakhalira limodzi pansi. Anthu amene aja ankatsutsana, kufufuta, kulembanso. Iwe ukufuna kumaliza nkhani zonsezo usiku umodzi, chala chili pa foni. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Usaganize kuti woopsa ndi wokayika yekha. Wotsimikiza kwambiri nayenso amasocheretsa anthu. Mu 1908 a Elliot Kamwana anayamba kulalikira pakati pa Atonga ku Nkhata Bay, atatenga chiphunzitso cha Watch Tower. M'miyezi yochepa anabatiza anthu oposa 9,000. Ankanena kuti mu 1914 Khristu abwera, ulamuliro wa azungu ndi msonkho wawo zitha. Anthu anakhulupirira chifukwa msonkhowo unkawawawadi. Boma la atsamunda linawathamangitsa mu 1909. Chaka cha 1914 chinafika, m'malo mwake kunabwera nkhondo yaikulu, anthu athu n'kugwidwa kukasenza katundu wa asilikali pa mtengatenga. Msonkho unapitirira. A Kamwana sanali munthu wopusa, ndipo Baibulo ankaliwerenga. Chinavuta n'kuika tsiku pomwe Malemba sanaike tsiku. Mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake Malemba timawerenga pagulu, wina akapotoka mnzake amubweze. Nthawi zina wokubwezayo amakhala munthu wosapemphera.

Ndikuuze za a George Thindwa a bungwe la Association for Secular Humanism. Iwowo ananena poyera kuti sakhulupirira Mulungu. Ine sindigwirizana nawo pamenepo, ndipo sindidzagwirizana nawo. Koma pamene nkhalamba zinzanga zinkatsekeredwa m'ndende pa milandu ya ufiti, anali iwo amene ankayenda kuziombola. Lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma m'midzi ndani ankalilabadira? Ambiri mwa oloza chala anali anthu oti Lamulungu amavala bwino, buku la nyimbo kukhwapa. Mnzako akapsa ndevu mzimire. Ife opemphera tinangoyang'ana, wosapemphera ndiye anathamanga ndi madzi. Ndiye usamafulumire kugawa anthu kuti uyu wa Mulungu, uyu wa Satana. Ntchito imeneyo ili ndi mwini wake.

Kumbukanso Tomasi, mu Yohane 20. Anakana umboni wa anzake onse, nati sakhulupirira mpaka aone ndi kukhudza mabala. Anzake sanamupirikitse. Patapita masiku 8 anali nawobe m'nyumba imodzi, ndipo Ambuye anamupeza momwemo. Akadamutukwana n'kumutsekera kunja, bwenzi atamupeza kuti?

Sindikukulonjeza kuti mnzakoyo atembenuka. Ndaona ena akubwerera kutchalitchi imvi zitamera, ena tinawaika m'manda asanabwerere. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Koma ukamutaya lero, chimene adzakumbuke cha Akhristu ndi chipongwe chako chija. Ndipo tsiku lina mwana wako yemwe adzakufunsa mafunso omwewa. Kodi naye udzamutchula dzina limenelo?

Loweruka lino ukamupeze kwawo, osati pa foni. Ukayambe ndi kupepesa. Ukamulole alankhule mpaka amalize, usamudule mawu. Za Kaini ndi Yudasi n'zopepuka, mutha kutsegula buku n'kuwerengera limodzi. Koma akakakufunsa chifukwa chake Mulungu amalola khanda losalakwa kufa ndi malungo, usakathamangire kuyankha. Funso limenelo abusa omwe amaliyankha mosamala. Ukabwere naye kuno, tidzakambirane tonse atatu.