KODI KUCEDWA KWA MALAMULO NDI NZERU KAPENA ULESI?

Pa citunda ca Manda Hill, mu mzinda wa Lusaka, pali nyumba yaikuru yokutidwa ndi mkuwa pamwamba pace, imene inatsegulidwa m'caka ca 1967. M'menemo ndimo asonkhana aphungu a dziko la Zambia, kuyambira Laciwiri kufikira Lacisanu, pa miyezi imene Nyumba ya Malamulo iri kukhala. Mlendo amene alowamo koyamba amayembekeza kuona zazikuru, koma kawiri kawiri zimene apeza ndi izi: nduna iri kuyankha funso lonena za mlatho wa ku mudzi wakutali, phungu wina ali kuwerenga cikalata, Sipikala ali kuletsa phokoso, ndipo nkhani imene inayambidwa sabata latha ikali yosatha. Poturuka mlendoyo amapukusa mutu nati anthu awa angodziwa kulankhula basi.

Dandaulo limeneli siliyenera kunyozedwa. Mnyamata amene watsiriza sukulu nakhala zaka ziwiri wopanda nchito, mai amene ayenda tsiku lathunthu ndi mwana wodwala kuti akafike ku cipatala, mlimi amene feteleza wamfika mvula itapita, onsewa ali ndi cifukwa ca kufunsa kuti, kodi mau ocuruka otere athandiza yani? Munthu mmodzi wamphamvu angathe kulamula m'mawa, ndipo pofika madzulo cinthu cacitika. Nanga bwanji dziko liika zinthu zace m'manja mwa anthu ambiri amene sagwirizana msanga?

Poyamba nkofunika kudziwa njira imene lamulo liyendamo. Lisanakhale lamulo limakhala cikalata cimene acicha Bilu, ndipo kawiri kawiri imene ibwera naco ndi nduna ya Boma. Pa kuwerenga koyamba amangochula dzina lace, ndi kucipereka kwa komiti, ndiyo kagulu ka aphungu owerengeka, kuti ikacipende bwino ndi kuitana anthu odziwa za nkhaniyo adzanene maganizo ao. Komiti ikabwera ndi lipoti lace pamakhala kuwerenga kwaciwiri, pamene aphungu atsutsana za colinga ca Biluyo. Pambuyo pace Nyumba yonse imakhala monga komiti imodzi, niyang'ana ndime iri yonse payokha, kucotsa mau ena ndi kuikapo ena. Kenaka pali kuwerenga kwacitatu, ndipo potsiriza Pulezidenti amaikapo dzina lace. Mwambo umenewu unacokera ku Britain, koma nzeru yace si yacilendo kwa munthu wa kumudzi.

Pa bwalo la milandu mfumu yanzeru siyamba ndiyo kulankhula. Imayamba yamva wodandaula, nimvanso wonenezedwa, ndi mboni, ndi akuluakulu. Ndipo ngati mitima yatentha imati anthu abwerenso mawa, pakuti mlandu suola. Imatero cifukwa idziwa kuti ciweruzo cikangoturuka m'kamwa sicibwereranso. Tsono ngati mlandu wa mbuzi imodzi ufuna kudekha kotere, nanga lamulo limene lidzamanga anthu onse a ku Chipata, ku Mongu, ku Kasama ndi ku Livingstone, pamodzi ndi ana amene sanabadwe? Munthu mmodzi akalakwa, colakwaco cigwera nyumba yace. Koma colakwa cikalembedwa m'lamulo, apolisi amacisunga, oweruza amacitsata, ndipo munthu wosacimwa amalangidwa naco popanda wina wodziona kuti walakwa. Madzi akatayika saoleka.

Mbiri ya dziko lino iphunzitsa zomwezo. Bungwe lopanga malamulo la Northern Rhodesia linayamba m'caka ca 1924, koma kwa zaka 24 munalibe munthu wakuda m'menemo. Zofuna za eni dziko zinali kunenedwa ndi Azungu oikidwa ndi Bwanamkubwa, monga Stewart Gore-Browne, kufikira 1948 pamene Henry Kasokolo ndi Nelson Nalumango analowamo. M'caka ca 1953 Citaganya ca maiko atatu cinakhazikitsidwa, ngakhale mafumu ndi atsogoleri a anthu akuda anacikana poyera. Amene anacimanga anali ndi mphamvu zonse, koma cinangokhala zaka khumi, nicitha pa 31 December 1963. Cinthu comangidwa pamwamba pa mitu ya anthu osafunsidwa cimafuna mlonda usana ndi usiku, ndipo tsiku lina mlondayo amatopa.

Ufulu wa 1964 sunacotse ciyeso cimeneci, pakuti ciri mumtima mwa ali yense amene agwira mphamvu. M'caka ca 1972 Boma linatuma bungwe lotsogozedwa ndi Mainza Chona kuti liyende m'dziko ndi kumva maganizo a anthu pa za ulamuliro wa cipani cimodzi. Koma funso limene anthu analoledwa kuyankha linali lakuti ulamulirowo ukhale wotani. Lakuti ukhalepo kapena iai linali litathetsedwa kale. M'mwezi wa December caka comweco dziko linakhala la cipani cimodzi, ndipo zinatero kufikira December 1990. M'caka ca 1996 cipani ca MMD, cimene cinapata mipando 125 mwa 150 pa masankho a 1991, cinasintha malamulo akuru kuti wofuna kukhala Pulezidenti akhale wa makolo onse awiri a m'Zambia. Lamuloli linatsekereza Kenneth Kaunda, amene makolo ace anacokera ku Nyasaland. Cipani ca UNIP cinakana kulowa masankho a caka cimeneco, ndipo ndimeyo inacotsedwa m'caka ca 2016. Pa nkhani zonse ziwirizi mavoti anali okwanira, koma kucuruka kwa manja okwezedwa sikusandutsa cinthu kukhala colungama.

Ncifukwa cace malamulo akuru a dziko anadziikira okha zowacedwetsa. Bilu yofuna kuwasintha iyenera kulengezedwa mu Gazeti ya Boma masiku 30 isanawerengedwe koyamba, ndipo iyenera kubvomerezedwa ndi magawo awiri mwa atatu a aphungu onse. Pa 29 October 2020 Bilu yochuka ya nambala 10 inapata mavoti 105 pamene panafunika 111, ndipo inagwa. Ena anakondwera, ena anadandaula. Koma onse anaona tsiku limenelo kuti Boma, ngakhale liri ndi asilikari ndi cuma, liyenera kuima pamene anthu asanu ndi mmodzi asowa. Mpanda wotere umabvuta mwini munda pamene afuna kudutsa msanga, koma ndi womwewo umene udzamcinjiriza tsiku limene adzakhala kunja kwa Boma.

Nchito yaikuru ya aphungu, tsono, icitikira kumene anthu ambiri sayang'anako, ndiko m'tizipinda ta makomiti. Caka ndi caka mkulu wowerengera ndalama za Boma amalemba lipoti losonyeza mmene maunduna anagwiritsira cuma ca dziko. Komiti yoona za ndalama za anthu imatenga lipotilo, niitana akuru a maunduna mmodzi mmodzi, ndi kuwafunsa kuti: mankhwala awa analipiridwa, nanga anafika ku cipatala citi? Sukulu iyi inalembedwa kuti yatha, nanga bwanji iribe denga? Palinso komiti ina imene nchito yace ndiyo kulemba malonjezo onse amene nduna zinena m'Nyumba, ndi kudzafunsa pambuyo pace ngati anacitika, pakuti lonjezo ndi ngongole. Ina imapenda malamulo ang'onoang'ono amene nduna zipanga ndi mphamvu yopatsidwa ndi Nyumba, kuti zisalumphe malire ao.

Nchito yotere iribe ulemerero. Palibe woimba m'manja pamene phungu apeza kuti ciwerengero ca pa tsamba lina sicigwirizana ndi ca pa tsamba linzace. Komatu nkhokwe kawiri kawiri siitha ndi mbala yobwera usiku umodzi; imatha ndi anankafumbwe amene adya pang'ono pang'ono, mwini wace ali kuyesa kuti cimanga cikalipo. Mai amene atsegula nkhokwe nthawi ndi nthawi ndi kupenda ngala ndiye apulumutsa banja ku njala, ngakhale palibe amene amthokoza. Khalidwe la munthu limadziwika bwino pa nchito imene agwira popanda womuona, ndipo momwemonso ulemu wa Nyumba ya Malamulo uyenera kuyesedwa ndi za m'makomiti koposa ndi mau okoma onenedwa pamaso pa khamu.

Koma kungakhale kunama kunena kuti kucedwa konse ndi nzeru. Bilu yopatsa anthu ufulu wa kudziwa zimene Boma licita inabwera m'Nyumba m'caka ca 2002, nibwezedwa isanathe. Maboma anasinthana, ali onse nalonjeza kuti adzaibweretsanso, koma lamulolo linadzakhalapo m'mwezi wa December 2023, patapita zaka 21. Palibe anganene kuti zaka zonsezo zinathera pa kusinkhasinkha. Ndiponso zimacitika kuti komiti ipeza colakwa, nilemba lipoti labwino, koma caka cotsatira colakwa conga comweco cionekanso, cifukwa amene anayenera kucitapo kanthu anangosunga lipotilo m'kabati. Makolo anadziwa za kucedwa kwa mtundu uwu pamene anati zengerezu adalinda kwaukwau.

Cotero pali kucedwa kuwiri kumene kufanana pamaso, koma kusiyana m'kati. Akazi awiri angakhale pansi pafupi ndi mafuwa kwa maora atatu, onse nanena kuti ali kudikira nyemba. Wina wasonkha moto, ali kuthira madzi ndi kulawa. Mnzace sanakoleze moto nkomwe. Wopita m'njira sangawasiyanitse, koma madzulo ana adzadziwa. Wofuna kuyesa kucedwa kwa Nyumba ya Malamulo afunse mafunso atatu. Kodi pa nthawi ya kudikirayo pali munthu amene ali kumvedwa, makamaka iye amene lamulolo lidzamkhudza? Kodi zimene anenazo zingathe kusintha ngakhale ndime imodzi? Kodi pali tsiku lodziwika limene nkhaniyo idzathetsedwa? Ngati mayankho ali inde, kucedwako ndi ulemu wopatsidwa kwa anthu. Ngati ali iai, ndi njira ya kukana cinthu popanda kulimba mtima kwa kunena kuti cakanidwa, ndipo kumeneko ndi cinyengo.

Wina angati, nanga pa nthawi ya mliri wa kolera, kapena ya cilala, kodi anthu afe podikira kuwerenga kwacitatu? Iai ndithu. Nyumba iri ndi mphamvu ya kuimika malamulo a kayendetsedwe kace ndi kutsiriza nkhani msanga pamene pali ngozi yeniyeni. Nyumba ikapsa palibe aitana msonkhano. Onse athamangira madzi. Koma munthu wocenjera amayang'anitsitsa pamene wolamulira anena kawiri kawiri kuti nyumba iri kupsa, cifukwa liwiro limene liyenera pa moto limathandizanso wofuna kudutsa ndi katundu wosati wace anthu asanamuone. Kufulumira kukhale kwa tsiku la tsoka lokha, ndipo wofulumizayo afotokoze poyera cifukwa cace.

Zonsezi ziika katundu wolemera pa phungu. Iye ali ndi ambuye atatu: cipani cimene cinamuimika, anthu amene anamsankha, ndi cikumbumtima cace. Masiku ambiri atatuwa sakangana, koma tsiku limene akangana ndilo lionetsa kuti iye ndi munthu wotani. Phungu amene aponya voti pa Bilu imene sanawerenge wacita monga mboni yolumbira pa mlandu umene sinauone. Amene asowa ku komiti, nafika kokha pa tsiku la mkangano waukuru kuti dzina lace limveke pa wailesi, walandira malipiro a m'munda umene sanalime. Kudekha kwa Nyumba kukhala ndi phindu pokhapo pamene okhalamo agwiritsa nthawiyo pa kuwerenga, kufunsa ndi kumvetsera, ngakhale wolankhulayo ali wa cipani cina. Pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Katunduyo sali pa aphungu okha. Zokambidwa m'Nyumba zimanenedwa m'Cingerezi, ndipo zonse zimalembedwa m'buku lochedwa Hansard, limene munthu ali yense angathe kuwerenga. Makomiti amaitana anthu kuti atumize maganizo ao pa Bilu, ndipo m'madera a masankho muli maofesi a aphungu. Koma agogo a kumudzi amene sanapite ku sukulu sangathe kulowa pa makomo amenewa okha. Mnyamata kapena mtsikana amene waphunzira ndiye angawerenge Bilu yonena za malo, za maukwati kapena za misika, nakafotokozera a kwao m'cinenero cao, nalembanso mau ao ndi kuwatumiza nthawi isanathe. Akapanda kutero, mpata umene malamulo anasiyira anthu wamba umatengedwa ndi eni cuma okha, amene sacedwa kutumiza owalankhulira.

Dziko limene lifuna kuti zinthu zonse zicitike ndi mau a munthu mmodzi lidzakondwa pa masiku amene munthuyo ali wolungama, koma lidzasowa pothawira tsiku limene iye kapena womlowa m'malo adzalakwa. Dziko limene lilola anthu ace kulankhula, kutsutsana ndi kupenda ndime iri yonse liyenda pang'ono pang'ono, ndipo nthawi zina litopetsa ana ace. Koma likalakwa liri ndi njira ya kubwerera popanda kukhetsa mwazi, monga zinacitikira pa masankho a 1991, a 2011 ndi a 2021, pamene Boma linasintha mwamtendere. Kuona maso a nkhono nkudekha. Koma wodekhayo akhale ali maso, nayang'ane ngati pansi pa mphika pali moto.